Za Kunyezimira kwa Nkhope ndi Gawo la a Telala

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA GULU LA ZISUDZO

Tsiku: Loweruka, pa 9 Novembala
Malo: Chipinda chovaliramo, kuseri kwa holo
Analipo: Wapampando, Mlembi, Mphunzitsi wa sewero, Mayi a Paudala (okonza nkhope za ochita sewero), a Telala (oimira ochita sewero)
Opepesa: Msungichuma (ali kuntchito)

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 2 koloko masana. Mipando inaperewera, choncho Mlembi analembera pa tebulo lakale la galasi losweka, lomwe lija tinkapenterapo nkhope ndi makala gululi likuyamba, tonse tisanamere imvi.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Zinawerengedwa ndi kuvomerezedwa.

3. Kunyezimira kwa nkhope pa siteji

3.1 Mphunzitsi anakumbutsa komiti kuti sewero likubwerali lidzachitikira pamwambo wa pabwalo, dzuwa lili paliwombo, ndipo okonza mwambowo adzajambula kanema. Anati ojambulawo anenetsa kuti sakufuna nkhope zonyezimira.

3.2 Mayi a Paudala anafotokoza dongosolo lawo: kusamba kumaso ndi madzi ozizira, osadzola mafuta aliwonse tsikulo, kenako paudala wogwirizana ndi khungu pamphumi, pamphuno ndi pachibwano. Anati wobwera akung'anima ngati poto watsopano adzamubweza kumpopi, kaya ndi wamkulu bwanji.

3.3 Mphunzitsi anati lamuloli likhudze aliyense, kuphatikizapo a Telala, amene ali ndi gawo lalikulu la bambo wa mkwatibwi. A Telala ali ndi khungu lachialubino, ndipo sayenda padzuwa osadzola mafuta oteteza khungu, amene amanyezimira. Mphunzitsi, amenenso ndi mlamu wawo, anaonetsa pafoni kanema wa poyeserera, nati chipumi cha a Telala chikuthobwa m'maso. Anati asankhe: asadzole tsikulo, apo ayi gawolo lipatsidwe wina, iwo azisamalira zovala kuseri.

3.4 A Telala anapempha kuti mawu awo alembedwe monga awanenera. Anati: "Alamu, tsiku lija ndinapsa makutu mpaka matuza, anandikweza panjinga kupita nane kuchipatala ndani? Si inu nomwe? Lero mukuti ndisadzole chifukwa cha kamera. Ndidzadzola. Kuseriko sindipitako. Jekete la bambo wa mkwatibwi ndasoka ndekha, ndipo muyeso wake ndi wa mapewa anga."

3.5 Mphunzitsi anayankha kuti sakudana nawo. Anati kanemayo adzazungulira m'mafoni, ndipo sakufuna kumva anthu akuseka achimwene a mkazi wake. A Telala anati anthu anayamba kuwaseka asanaphunzire n'kuyenda komwe, koma sanaiwalepo mawu pa siteji chifukwa cha zimenezo. Mlembi, amene wakhala akuwanong'oneza mawu ochita sewero kuyambira sewero loyamba, anachitira umboni kuti iye sanawanong'onezepo mawu a Telalawo.

3.6 Atafunsidwa maganizo, Mayi a Paudala anati a Telala akadzola msanga, mafutawo n'kulowa bwino, paudala amagwira ndithu, koma thukuta likayamba kunyezimira kumabwerera. Anati sangalonjeze bodza. Pafunika munthu woima ndi tishu ndi paudala kumbali imene a Telala azitulukira, chifukwa iwo adzakhala mbali inayo ndi azimayi, ndipo manja ali nawo awiri okha.

3.7 Wapampando anapereka ganizo loti ochita sewero onse adzole mafuta omwewo, kuti ojambula asowe womuloza chala. A Telala anakana. Anati: "Mayi Wapampando, mafutawa amasowa. Musandithere pondichitira chifundo. Aliyense abwere ndi nkhope yake, inenso ndibwera ndi yanga."

3.8 Komiti inagwirizana kuti a Telala achita gawo lawo atadzola, ndipo Wapampando auze okonza mwambowo kuti akafuna ajambule momwemo, akapanda kufuna azimitse kamera, sewero lichitikabe. Mphunzitsi yekha anatsutsa, napempha kuti kutsutsa kwakeko kulembedwe. Kwalembedwa.

4. Zina zilizonse

Wapampando anafunsa amene adzaime ndi tishu kumbali ya a Telala. Kenako Mphunzitsi, akuyang'ana pawindo, anati adzaima yekha, popeza ena onse ndi a manja olemera ndipo angamuonongere sewero. A Telala anati: "Mudzasambe m'manja, alamu." Komiti inavomereza.

5. Msonkhano wotsatira

Loweruka, pa 23 Novembala, m'chipinda chomwechi.

6. Kutseka

Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 4 koloko madzulo.

Wapampando: ..............................

Mlembi: ..............................