Ndinayamba ndi Bambo Ake a Felton

Lolemba, 9 Juni 1975

Maphunziro ayamba. Boma landipatsa anthu khumi ndi awiri oti ndiwaphunzitse, osankhidwa m'midzi yozungulira tawuni ya Lilongwe. Kaholo ka ku Old Town mawindo awiri ngosweka, mphepo ikungolowa ngati kwawo. Ndawauza ntchito yawo: kuzindikira msanga mnyamata amene chamba kapena kachasu zayamba kumusokoneza mutu, asanafike pong'amba malaya pamsewu. Anyamata adzaza ku City Centre komwe akumanga maofesi, ndipo akaweruka amakasuta kuseri kwa milu ya njerwa.

Ndalemba pabolodi lamulo loyamba: yambani mwalankhula ndi bambo wa mwanayo. Onse akopera m'makope, ziii. Mwina ndi Chichewa changa chonunkha Chitumbuka.

Kalata ya mwamuna wanga Maynard kulibe. Boma nalonso, mkazi kumusamutsa pamodzi ndi mafaelo, mwamuna kumusiya ku Zomba. Akuti ofesi yawo isamuka Okutobala, mwina.

Lachitatu, 11 Juni

Pa tiyi iwo amakhala pagulu lawo n'kumaseka, ine patebulo ndi kapu yanga. Ndikayandikira kuseka kumatha.

Koma lero aNaphiri, mayi wamtali wa kuseri kwa Likuni, anadikira kuti anzawo atuluke. "Amadamu, zonse mwafotokozazi ndi mwana wangatu." Felton, zaka 19, ankakanda simenti. Anamuchotsa ntchito. Sagona, amalankhula yekha, sabata yatha anaseka pamaliro. Ndafunsa za bambo ake. A Paxton, mlonda panyumba ina ya maofesi ku City Centre. ANaphiri anati, "Komatu amadamu..." Ine n'kuti nditanyamula kale chikwama.

Ndisaname, ndakondwa. Munthu woyamba kundifuna mu Lilongwe muno.

Lachisanu, 13 Juni

A Paxton ndawapeza pageti. Munthu wofatsa, chipewa m'manja, chilichonse "Chabwino, mayi." Tagwirizana kuti Lolemba abwere ndi Felton kuchipatala. Kuphweka kwakeko!

Lamlungu, 15 Juni

Area 9 tsiku Lamlungu: mipanda, agalu, fumbi. Eni nyumba apita ndi galimoto, ndatsala m'kanyumba kanga kakuseri. Ndaphika mbatata ziwiri mwachizolowezi, ndadya imodzi. Sindinatsegule pakamwa tsiku lonse kupatula poimba kutchalitchi.

Lachiwiri, 17 Juni

Dzulo ndinadikira kuchipatala mpaka 11 koloko. Palibe anabwera. ANaphiri nawo ajomba masiku awiri.

Evelina, wamng'ono pa onse m'kalasi, ndiye walimba mtima. "Amadamu, kuno mwana si wa bambo ayi. A Paxton aja ndi mkamwini, anangobwera kudzakwatira. Mwini mwana ndi malume ake, a Lemson. Atamva kuti mwapangana kuseri kwawo anapsa mtima. Felton am'mangirira pamtengo kumudzi, akuti waboma asapondeko."

Ndafunsa kuti bwanji sanandiuze tsiku loyamba lija.

"Munali mutalemba kale pabolodi."

Chondipweteka n'chakuti ndimazidziwa. Za chikamwini ndinaphunzira kukoleji, mayeso ndinakhoza. Koma nditagwira choko ndinaona kwathu ku Rumphi, ndinaona bambo anga atakhala pampando wawo. Ndafufuta mzere uja onse akuona. Manyazi andigwira mpaka m'zala.

Kuzizira kwa Juni kotereku, mwana wa eni ali pachingwe chifukwa cha ine.

Lachinayi, 19 Juni

A Lemson amakhoma zidebe kumsika wa Old Town. Ndavala chitenje pamwamba pa diresi ya kuofesi, ndagwada pafumbi pakati pa zidutswa za malata. Anthu kuima n'kumaonerera. Iwo osasiya kukhoma.

"Ndinu aja aboma oweruza mabanja a eni?"

Ndati ndine, ndinalakwa, ndinalowera pazenera khomo lilipo. Ndikupepesa.

Anaika nyundo pansi. "Mwana uja ndinamutcha dzina ndine. Mukamutenga mukamutsekera kwa amisala, ife osadzamuonanso. Pachingwe paja ndimamuona."

Apo ndinamva kuti si ukali wokha. Munthuyu ali ndi mantha.

Ndati sindingalonjeze kuti achira. Koma sapita kulikonse popanda inu, ndipo adokotala akalankhula ndi inu.

Maondo anga n'kuti akuwawa. "Loweruka," anatero, natolanso nyundo.

Lachisanu, 20 Juni

Ndikadakhala ndi womuuza. Ndalembera Maynard masamba atatu, sindinatumize.

Loweruka, 21 Juni

Basi ya ku Likuni, kenako wapansi. Felton anali kuseri kwa nyumba, chingwe chomangira ng'ombe kumwendo, bulangete paphewa. Mwendo watupa. Amang'ung'udza zosamveka. ANaphiri anandipatsa moni maso ali pansi. A Paxton anaima patali pafupi ndi nkhokwe, ngati munthu wodzagula nkhuku.

A Lemson anagwada. Mfundo inali italimba ndi mame, zala zinakanika, anamasula ndi mano. Felton anadzuka, mwendo unakana, anakhalanso pansi. Malume ake anamulowetsa dzanja m'khwapa, kenako anatembenuka.

"Alamu, mwaimiranji uko? Gwirani mbali inayi."

A Paxton anachita kuthamanga.

Ine ndinangoima, osadziwa poika manja. ANaphiri anatuluka m'nyumba ndi kamtolo ka zovala za mwana wawo, nandisenzetsa osafunsa.

"Tiyeni amadamu, basi itisiya."