Ndinamuveka Nsapato

Lolemba, 3 Malichi

Ntchito yatsopano. Buku la ana lakale lija tilisindikizanso, zithunzi andipatsa ine kuti ndizikonze pa kompyuta. Lomwe lija ndinaphunzirira kuwerenga! Tsamba 9 lilipobe: kamtsikana mumvula, kopanda nsapato kuphazi, nsapatozo kazikumbatira pachifuwa. Bwana akuti, "Kavekeni nsapatozo. Makolo a lero safuna zithunzi zaumphawi." Ndinangogwedeza mutu.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndamaliza. Nsapato kuphazi, diresi lowala, mvula ndayichepetsa. Aliyense muofesi kuyamikira. Inenso kudzimva.

Lachiwiri, 11 Malichi

Amene anajambula zithunzizo ali moyo! Ife tonse timati anatisiya kalekale. Abwera kuofesi masana, atagwirira mkono wa mdzukulu wawo. Mayi wamfupi, juzi yobiriwira, galasi lokulitsira zinthu m'chikwama. Anaweramira tsamba 9 nthawi yaitali.

"Mwamuveka? Zinyowatu, mwanangu. Zinali zatsopano."

Basi. Osakalipa. Anafunsanso mmene ndimathirira mitundu pa makinawo, n'kunena kuti zikomo. Bola akanandilalatira.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndayang'ananso chithunzi chakalecho. Kamtsikanako sikakulira ayi. Kakusuzumira nsapato zake, kakamwa kakufuna kuseka, zala zakuphazi zitatambasuka m'matope. Kakunyada! Zaka zonsezi ndimakamvera chisoni chaulere. Changa chija chikungooneka ngati chotsatsa sopo.

Ndapempha bwana tibwezere. Akuti zinapita kale kumakina osindikizira, mapepala anadulidwa. Sindinalimbikire. Lendi ili pafupi.

Lamlungu, 23 Malichi

Masiku onsewa osalemba. Mabuku anafika, langa lili m'drowa, sindinalitsegule.

Dzulo ndinapita kwa mayi wojambula aja. Pageti ndinabwerera, kenako n'kudzikakamiza kugogoda. Mawu opepesa ndinawakonza m'basi, koma nditangoyamba anandidula: "Khalani pansi, tiyi akuzizira."

Anatulutsa chithunzi chenichenicho m'katoni ya pansi pa bedi. Chaching'ono kuposa mmene ndimaganizira, m'mbali mwachita chikasu. Anagwira chala changa n'kuchiyendetsa pamenepo. Timizere tokanda. Mvula ija sanaipente, anachita kupala pepala ndi lezala, dontho lililonse palokha. Ine ndinaifufuta ndikudya bisiketi.

Ndinalira pamaso pawo, munthu wamkulu ine. Iwo anangotembenukira kuzenera mpaka nditapukuta.

Potsanzikana: "Manja muli nawo, koma mumathamanga. Loweruka mubwere ndi pensulo."

Lachisanu, 28 Malichi

Ndagula pensulo. Chigwirireni pensulo ndi kusukulu. Ndati ndiyeserere kaye ndisakachite manyazi mawa. Phazi loyamba latuluka ngati mbatata. Lachiwiri ngati mbatata yokhala ndi zala. Mwamuna wanga wasuzumira, akuti, "Ndi nsomba?"

Ndimafuna kuwang'amba onse. Ayi. Ndipita nawo choncho.