Amalume Anati "Anatisiya"

Sea Point, Cape Town
3 Meyi

Wokondedwa mlongo wanga Bizwick,

Uli bwanji kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga amayi, miyendo ija ikuwalola kupita kudimba? Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chayamba kuluma.

Iwe Bizwick, khala kaye pansi! Lamlungu ndinakumana ndi a Monica, aja a kutsidya kwa dambo, amene amaluka tsitsi ku Brackenfell. Angobwera kumene kuchokera kumudzi. Atandiona anakuwa mpaka kugwetsa chikwama, eti ankayesa mzukwa. Akuti m'buku la boma ine Fyness ndinamwalira!

Za kalembera ukuzidziwa kuposa ine. A ku boma anati midzi yathu isanu ndi iwiri ikakwana anthu 1,000 tipatsidwa kachipatala kathukathu, azimayi apakati asiye kuoloka mtsinje pa machira. Mlembi anayenda khomo ndi khomo, kulemba ngakhale ife a kutali bola abale atitchule. Anapeza 998. Kuperewera awiri okha, abale inu!

Koma chimene sukudziwa ndi ichi. Amuna awo a Monica ali m'komiti ya chitukuko, ndiye buku analiona ndi maso awo. Akuti mlembi atafika pakhomo pathu inu nonse munali kumunda, anapeza amalume okha. Atawafunsa za ine, amalume anangopukusa mutu n'kunena kuti ameneyo anatisiya. Mlembi anavula chipewa, anawapepesa, n'kukhwatcha dzina langa. Amalumenso anayankha kuti zikomo!

Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba, anthu pamalo okwerera takisi kumandiyang'ana. Koma nditafika kunyumba ndinalira. Amalume sananame. Zaka zinayi osalemba kalata, osaimba foni, si kusiya anthu kumeneko?

A Monica akuti mlembi abweranso pa 20 Juni, ndipo wolembedwa kuti anafa ayenera kuonekera yekha pamaso pake. Ndikubwera! Adona amene ndimawagwirira ntchito andipatsa masabata atatu, malo m'basi ndasungitsa kale. Usiku... ayi, ngakhale masana ndikumangoimba pokolopa, adona mpaka kufunsa ngati ndayamba kumwa.

Ndikudziwa wawerenga kale pa zala, iwe ndi masamu ako aja. Ndikadzuka kwa akufa tikhala 999, aperewerabe mmodzi. Apa ndiye pali chimene chinanditseka pakamwa zaka zonsezi.

Ndinakwatiwa, Bizwick. Mwamuna wanga ndi a Jafali, Myao wa ku Mangochi, Msilamu, amamanga nyumba ku Noordhoek. Ukwati wake unalibe ankhoswe a kwathu. Ndinkaopa amalume, ndi ukulu wawo wa mpingo uja, ndiye ndinkangoti ndinena mawa, ndinena mawa. A Jafali ndi ofatsa, sanandiletsepo kupita kutchalitchi.

Ndipo tili ndi mapasa, Aishah ndi Tahir, a zaka ziwiri ndi theka. Tahir makutu ndi ako enieni, pepa naye. Ndinafunsa a Jafali ngati angadandaule ana akalembedwa kwathu. Anaseka n'kunena kuti kwawonso mwana ndi wa kwa mayi ake, ndiwatenge akaone mbumba yawo.

Werenganso tsopano. 1,001! Tapyola ndi mmodzi!

Chonde mlongo wanga, unditsogolere. Amayi uwauze pang'onopang'ono, ali chokhala. Kenako upite kwa amalume ukandipepesere, usadikire kuti amve kwa a Monica. Ngati akufuna kundikalipira, adzandikalipire, ndidzagwada. Koma pa 20 Juni adzaime pambali panga pamaso pa mlembi, adzawatchule anawa mayina ndi pakamwa pawo pomwe paja, kuti ndi adzukulu a pakhomo pawo. Akakana, mlembi sangawalembe, ndipo chipatala chipita.

Upereke moni kwa alamu, kwa azakhali ndi onse a m'midzi yathu. Mulungu akusungeni mpaka tionane. Ndipo amalume uwauze kuti maliro aja awaimitse, malemu akubwera pa basi ndi ana awiri.

Ndine mlongo wako wamoyo,
Fyness