Khadi la a Dalaivala

Lolemba, 3 Marichi

Ndasita malaya a anthu tsiku lonse, msana ukuchita kuyaka. Mwana wanga sanaimbenso foni. Sabata yachitatu iyi.

Madzulo ndinalowa kwa a Dalaivala, bambo achikulire a chitseko choyang'anizana ndi changa. Kale ankayendetsa mabasi, pano dzanja lamanja linafa ndi sitiroko. Ndimawathirira tiyi, ndimawawerengera Baibulo, iwo n'kumatsutsa ndime iliyonse. Akuti Mulungu akanakhalako bwenzi atawasiyira dzanja lomangira mabatani. Amandikwiyitsa zedi, koma m'nyumba yonse ino ndi iwo okha amene amandifunsa ngati ndadya.

Lachitatu, 5 Marichi

Kugulu lathu la ulaliki atigawiranso makadi. Munthu akalandira Yesu umalemba dzina lake ndi tsiku, pansi n'kulemba lako, Lamlungu abusa amawerenga kutsogolo, anthu n'kuomba m'manja. Mayi wa kusaluni wapereka asanu mwezi watha wokha. Ine zaka zinayi, olo limodzi. Lero wandifunsa ndi kamawu kokoma, onse akumva, kuti nanga madala anu aja mpaka liti. Ndinaseka nawo, koma m'kati munkatentha.

Nditafika kunyumba ndinalemba khadi la a Dalaivala. Dzina lawo, dzina langa. Ndasiya tsiku lokha. Ndadziuza kuti chimenechi ndi chikhulupiriro, n'kuliika mu Baibulo.

Lachisanu, 7 Marichi

Manyazi ngati a lero sindinawaonepo.

Ndinapita kukaphula ketulo, Baibulo n'kulisiya pabedi pawo. Pobwerera ndinapeza khadi lili m'dzanja lawo labwino lija, magalasi ali pamphuno. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Mayi, ndiye kuti masiku onsewa ndinali katundu wanu? Mwandidulira kale tikiti, ine ndisananene kumene ndikupita."

Ndinayesa kufotokoza, mawu osatuluka bwino. Anangoti potuluka nditseke chitseko. Khadi anatsala nalo.

Lamlungu, 9 Marichi

Mayi wa kusaluni wapereka makadi awiri ena. Ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko.

Lachiwiri, 11 Marichi

Ndagogoda kawiri, zii. Chonsecho wailesi yawo imamveka.

Ndathira tiyi makapu awiri mwachizolowezi, inayo yazizira patebulo. Kenako ndinagwada n'kumuuza Mulungu zoona, poti amazidziwa kale. Ndinkafuna dzina langa limveke kutsogolo kamodzi kokha, wina adziwe kuti nanenso ndilipo. Bambo aja ndimawafuniradi zabwino, sindinama, koma kundiombera m'manja kuja ndinkakufunanso. Mtima wa munthu si kolala yoti ndingaiwongole ndi simbi. Ambuye, munthuyu ndi wanu, si wanga.

Kunena n'kosavuta. Nanga akapanda kunditsegulira mpaka kale? Ndikuopa, ndipo ndawasowa.

Lachinayi, 13 Marichi

Makadi otsala ndakabweza kwa abusa. Adabwa, akuti ndisafooke. Ndati sindinafooke ayi, abusa, ndizilankhulabe za Yesu, koma zolemba anthu ndasiya. Sanandimvetse, nanenso sindinalimbikire.

Pobwera ndinaima pachitseko cha a Dalaivala. Ndinamva supuni ikugwa pansi, iwo akutukwana. Sindinagogode.

Loweruka, 15 Marichi

M'mawa ndikusesa ndapeza khadi lija pansi pa chitseko changa. Ndimati andibwezera basi, zathera pomwepo. Kulitembenuza, kumbuyo kuli zilembo zokhotakhota za dzanja lamanzere: "Mabatani andikanika."

Ndinapita opanda Baibulo. Ndinawapeza malaya atamanga mopingasa, ndevu zitamera, makapu akuda ali mbwee pasinki. Ndinamasula mabatani n'kumanganso bwino, ndinatsuka makapu, ndinateleka madzi. Ndinathira tiyi, tinayamba kumwa. Tiyi atafika pakati anandifunsa ngati ndadya. Ndinangogwedeza mutu.

Kenako, maso ali pawindo, anandiuza kuti Lolemba akukawajambula mutu kuchipatala, ndipo mwana wawo wati sapeza mpata wowaperekeza. Ndinati ndipempha tchuthi kuntchito.

"Ndikuchita mantha, mayi. Ngati mukufuna kupemphera, pempherani. Koma osalemba."

Ndinawagwira dzanja lakufa lija, poti ndi limene linali pafupi. Ndisanayambe n'komwe, anandipatsa linalo.