Bwerani Mudzatiuze Zimene Twaha Akunena

Matero, Lusaka

Okondedwa alamu a Mahdi,

Ndikupereka moni kwa inu ndi onse a pakhomo panu ku Mangochi. Kodi miyendo ija inasiya kutupa? Amayi a kunyumba ali bwanji? Kuno ine ndilipo, mwana wathu Hanan ndi ana ake alinso bwino ku Kabwe. Amene sali bwino ndi mkulu wanu Twaha.

Ndikudziwa kuti munanena kuti dzina lake lisamatchulidwe pakhomo panu. Werengani kaye mpaka kumapeto.

Mwezi wa Meyi Twaha anagwa ali pa makina ake osokera. Ku chipatala anati ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafooka, koma chimene chatisautsa kwambiri ndi pakamwa. Chinyanja akumva chonse, koma kuyankhula sakutha. Ndawerenga mawu amene atsala: madzi, iyayi, ndi dzina langa. Chingerezi chinapitiratu. Chimene chikutuluka bwinobwino ndi Chiyao, chimene ine mkazi wake sindinamumvepo akuyankhula kupatula pokupatsani moni inu. Adokotala akuti zimachitika, chinenero cha ubwana nthawi zina chimatsala chokha.

Munakwiya naye chifukwa cha zimene amachita Loweruka, koma simunazionepo ndi maso. Lolani ndikuuzeni.

Mabuku amene anayambitsa zonsezi anali anga, a ku koleji ya uphunzitsi, onena za anthu oganiza akale a ku Girisi, ku Baghdad, ku China. Ine ndinawawerenga kuti ndikhoze mayeso. Iye anawawerenga usiku ndi usana, kenako anati n'kulakwa kuti zinthu zotere zizikhala m'Chingerezi chokha, ngati kuti wogulitsa makala alibe mutu. Anayika mabenchi atatu pakhonde la shopu, n'kumatenga funso limodzi sabata iliyonse. Amanena amene analifunsa koyamba, kumene ankakhala, amene anamutsutsa, kenako n'kulisiya m'manja mwa anthu. Kuno amangoti sukulu ya mafunso.

Lamulo linali limodzi: sapitirira mpaka Kasoma, mayi wogulitsa tomato amene sanapite kusukulu, atanena kuti wamva. Tsiku lina anafunsa ngati mpeni umene wasinthidwa chigwiriro, kenako n'kusinthidwanso chitsulo, ukadali mpeni womwewo. Eugene, kondakitala wa minibasi ya ku Lilanda, anati basi yawo yasinthidwa chilichonse kupatula hutala, koma apolisi amaidziwabe. Kasoma anamuyankha kuti, "Iwe Eugene, apolisi baziba nkhope yako, osati basi." Anthu anaseka mpaka Twaha anapukuta misozi ndi nsalu ya kasitomala.

Za Mulungu ankakambanso, sindikubisirani. Ankanena mfundo za okhulupirira ndi za okayika mofanana. Koma Lachisanu lililonse ankatseka shopu kupita ku mzikiti, ndipo sanasiyepo.

Atatuluka m'chipatala ndinaganiza kuti sukulu yatha. Loweruka loyamba ndinapeza anthu khumi ndi asanu ndi anayi atakhala pa mabenchi. Eugene anamunyamula Twaha n'kumukhazika pa mpando wake. Twaha anawayang'ana onse, n'kuyamba kuyankhula Chiyao, akukweza chala monga amachitira akafika pa funso. Anayankhula nthawi yaitali. Atamaliza anatembenukira kwa Kasoma kudikira. Kasoma anagwetsa nkhope, n'kunena motsitsa kuti, "Ba Twaha, sininamve." Iye anayambiranso kuchokera poyamba. Anthu ena anatuluka kukalirira kuseri kwa shopu.

Sabata yotsatira tinaitana bambo wina wachikulire wa ku Kanyama, Myao, munthu waulemu, kuti atimasulire. Twaha atayankhula, bamboyo anatiuza kuti akuthokoza Mulungu ndipo akuti tonse tizipemphera. Twaha anamenya mpando ndi dzanja lamanzere, akukuwa kuti iyayi, iyayi. Paja Chinyanja akumva. Anamva kuti mawu ake asinthidwa pamaso pake, iye osatha kudziteteza. Sindinamuonepo akulira chotero.

Ndinawaperekeza bambowo mpaka pa siteshoni, n'kuwapempha kuti andiuze zoona. Anapepesa. Anati mawuwo ndi olemera, iwo sangawatulutse pakamwa pawo pagulu. Koma anandiuza chiyambi chake, ndipo n'chifukwa chake ndikulembera inu.

Akuti Twaha akusimba za tsiku limene munaika amayi anu m'manda, inu muli mwana wamng'ono. Pobwera kumanda munaona mbuzi yokalamba yakhungu imene inali pakhomo, n'kufunsa mokweza kuti ngati Mulungu ndi wabwino, watengeranji amayi n'kusiya mbuzi imeneyi. Amalume anu anakumenyani khofi anthu akuona, ndipo simunafunsenso kanthu. Twaha anaima pomwepo osakutetezani. Akuti mabenchi aja anawayika chifukwa cha khofi limenelo, kuti pakhale malo amodzi pamene munthu angafunse osamenyedwa.

Alamu, ndakhala naye m'nyumba imodzi mpaka tonse imvi, koma nkhani imeneyi sanandiuzepo. Mwina inu simukuikumbukira n'komwe.

Bambo aja akuti pali zina zimene akunena pambuyo pake, ndipo dzina lanu likubwerabwera. Izo anakana kundiuza. Anati n'za pachibale. Ine dzina lanu ndimalimva ndekha, m'mawa ndikamamusambitsa, madzulo ndikamamupatsa mankhwala.

Anthu akubwerabe Loweruka, koma akuchepa. Sabata yatha anali asanu ndi awiri. Amakhala chete kumvetsera chinenero chimene sakuchidziwa, ndipo Kasoma sanaphonyepo. Twaha akuonda, chakudya akusiya theka. Adokotala anandiuza poyera kuti sitiroko yachiwiri ikhoza kubwera nthawi iliyonse, ndipo Chiyaocho chikhoza kupita nayo.

Ayao ena mu Lusaka alipo, koma ndaona kuti munthu wachifundo amafewetsa mawu. Twaha ankanena kuti mng'ono wake ndi wouma mutu, koma sananamepo chibadwire. Ndikufuna munthu wotero.

Sindikukupemphani kuti muvomereze zimene ankachita. Bwerani mudzakhale pambali pake, mudzamve, mudzatiuze monga momwe wanenera. Zikakhala zolakwika, mudzatiuze zolakwikazo, kenako mudzamutsutse m'Chiyao pamaso pa onse. Mudzamukalipire ngati mufuna. Chigwereni palibe amene watsutsana naye, aliyense amangomugwedezera mutu ngati mwana, ndipo ndikuona kuti zimenezi zikumupweteka kuposa dzanja lija.

Mukakwera basi ya ku Chipata, Hanan adzakudikirani kumeneko kuti mubwere limodzi. Nambala yake ndalemba kuseri kwa pepalali. Chonde musadikire kuti mvula ithe.

Mundiperekere moni kwa amayi a kunyumba, kwa Firdaus ndi amuna ake, ndi kwa adzukulu onse. Mulungu amene inu ndi mkulu wanu mumamugwadira akusungeni ndipo akuyendetseni bwino panjira.

Ndine mlamu wanu,
Dyness