Chala cha Amayi pa Fomu

Lachinayi madzulo, kuno ku Bangwe. Ndatopa, koma ndasekako.

Ndinapita ndi amayi kuchipatala chifukwa cha ng'ala ya m'maso mwawo. Dokotala, mtsikana waulemu, anafotokoza bwinobwino: adzayamba kupala diso limodzi, ululu sudzakhala wambiri, koma nthawi zina zimakanika. Kenako anatulutsa fomu yoti amayi adinde chala ngati avomera.

Amayi anabisa dzanja m'chitenje.

"Sindingadinde achimwene asanamve. Iwo ndiwo eni mbumba."

"Agogo, diso ndi lanu," anatero dokotala.

"Diso ndi langa, mwanangu, koma ineyo ndili ndi eni ake."

Ndinaimbira amalume ku Mulanje, anthu pamzere akung'ung'udza. Amalumewo samva bwino, ndiye ndinachita kukuwa mpaka chipatala chonse chinadziwa za diso lathu. Mapeto ake anangoti, "Nanga mwini wakeyo akuti bwanji?"

Sindikukumbuka munthu wa m'banja mwathu atawafunsapo amayi zimenezi, ngakhale malemu bambo. Kenako anatulutsa chala.

"Ndikufuna ndimuonenso mwana wangayu."

Adzapala Lolemba. Mtima uli m'mwamba chifukwa cha disolo, koma palinso kena. Amayi anandiona komaliza tsitsi langa lili bii, ndipo m'mawa uliwonse amandikumbutsabe kupesa. Ine ndimangoti, "Chabwino, amayi." Za dazi langali palibe anawauza. Kaya ndigule chipewa, kaya nanenso ndiwafotokozeretu bwinobwino, avomere asanaone...