Thadzi la Zubaida

Lolemba, 6 Julaye 1987
Lichinga kuzizira, mano gwegwegwe. Zubaida wafika ndi koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, kuchokera kunyanja. Mnzanga wa ubwana, tinkaba limodzi mango a kumishoni. Katundu alibe. Kumsana wabereka kanthu m'chitenje cha kapulana, ine kumayesa mwana, kuvundukula: thadzi lofiira! Ndaseka mpaka misozi. Iye osaseka. Tsiku limene mudzi wawo unawotchedwa, amuna ake Che Dawudi anamuika thadzilo m'manja: "Thawani nalo, mudzandiphikire ndikakupezani." Chichokereni sanamvekenso.

Lachitatu, 8 Julaye
Thadzi likuyetsemula, pakhosi kororo kororo. Amuna anga a Bernardino, a ku ofesi ya ziweto, akondwa ngati apeza m'bale wawo. Akuti si chitopa, ndi chifuwa cha nkhuku. Atulutsa buku la Chipwitikizi kundionetsa kachilombo kake: kozungulira, timinga mbali zonse ngati chisoti cha mfumu, n'chifukwa chake amakatcha korona. Akuti kakamaswana m'khosi mwa nkhuku, ana ake safanana ndendende ndi make. Mitundu iwiri ikakumana mu nkhuku imodzi imabwerekana ziwalo, n'kubadwa kachilendo kamene vasina, katemera wakale uja, sakadziwa. Ndati ndiye n'chimodzimodzi amalume awo, dzulo a atsamunda, lero kamarada wa chipani. Sanaseke. Akuti anthufe sikatigwira, koma khola langa lilowa m'mavuto. "Lizingidwe, Matilde. Vasina mumzinda muno mulibe."
Zubaida wamva. Sanadye.

Lachisanu, 10 Julaye
Nzeru zandipeza pa mzere wa sopo. Zubaida ndi Msilamu, nyama yozinga Mkhristu sadya. M'dera lathu la Chiuaula muno tikalandira alendo otere timaitana Che Atumani ndi mpeni wawo. Ndawauza bambo: kupha nkhuku ya mlendo, mwini wake osalawako ngakhale msuzi, manyazi ake asenza ndani? Avomera. Ine liwiro kwa Che Atumani, ndawafotokozera zonse. Iwo kusisita ndevu: "Mama, mpeni wanga wabuntha kuyambira lero."

Lachiwiri, 14 Julaye
Loweruka mpeni wobuntha. Dzulo mwala wonolera anabwereka a ku Lulimile. Lero mwendo ukuwawa. A Bernardino: "Kodi mzinda wonsewu Msilamu ndi mmodzi?" Ine maso pa lichero, kusankha nyemba. Thadzi talitsekera m'bafa, madzi ofunda ndi gaga. Zubaida amaliimbira za Chiyao, lokha limangomuyang'ana ndi diso limodzi.

Lachiwiri, 21 Julaye
Zanga zagwidwa. Khola lonse kwaya ya chifuwa. Anapiye anayi afa, zandiwawa, ndisaname. Mazira okwinyika ngati chigongono, ena ofewa opanda chigoba. Bambo angoika dzira limodzi patebulo patsogolo panga, ulendo wa ku ntchito. Bola akanandikalipira.
Zubaida: "Achemwali, itanani Che Atumani achinje, ndakupherani ziweto." Ndakana. Ndikumudziwa ine. Thadzili likafa, ndiye kuti wavomera kuti Che Dawudi kulibenso.

Lamulungu, 2 Ogasiti
Zotsala zachira. Thadzi lanenepa, likuthamangitsa tambala wanga pa gaga, ulemu wa mlendo linaiwala kalekale. Ndawapezerera a Bernardino akuliponyera mtedza. Akuti akuchita kafukufuku. Kafukufuku wake wa mtedza wanga wambewu! Che Atumani akudandaula kuti mbiri yawo yaonongeka, ana akuwaseka kuti mpeni wawo sungadule ngakhale nthochi. Zubaida waseka, koyamba chifikireni.

Lachinayi, 13 Ogasiti
Pochokera ku ntchito ndaona Che Atumani akulowa pakhomo panga, mpeni waliwali, mwendo wochira. Mtima phaa! Nsapato m'manja, liwiro, kukuwa ngati wamisala: "Wakuitanani ndani?" Iwo kuseka: "Mwini wake, mama."
Pakhonde munthu woonda, ndevu mpaka pachifuwa, mapazi okulunga nsanza. A Bernardino amufunditsa jekete lawo la ku tchalitchi. Zubaida wagwira thadzi miyendo, akulira, akuseka, zonse pamodzi. "Achemwali, terekani madzi pamoto, Che Dawudi abwera ndi njala."
Nthawi yolemba palibe. Anyezi mulibe m'nyumba muno, ndithamangire kaye kwa